Chimwemwe cha Yehova chimayenda ndi mbale ya ufa

Pali vesi lomwe timalikonda koma timalidula pakati: Nehemiya 8:10. Mawu oti chimwemwe cha Yehova ndicho mphamvu yanu ndawaona pa makalendala, pa WhatsApp, ngakhale kumbuyo kwa minibasi. Koma abale anga, ndi angati mwa ife amene tinawerengapo vesili kuchokera pomwe layambira?

Ayuda anali atangomaliza kumanga linga la Yerusalemu, ntchito ya masiku 52. Tsiku loyamba la mwezi wachisanu ndi chiwiri anasonkhana pabwalo la ku Chipata cha Madzi. Ezara anaima pa nsanja ya mitengo n'kuwerenga Chilamulo kuyambira m'mamawa mpaka masana, Alevi akutanthauzira kuti aliyense amve. Anthu atamva, analira. Pamenepo ndi pomwe anauzidwa kuti apite akadye zonona, akamwe zotsekemera, ndipo akatumize gawo kwa amene alibe kanthu. Mawu timawakonda aja akubwera pambuyo pa lamulo limeneli, m'vesi lomwelo.

Amene analibe kanthuwo anali ndani? Bwererani pa mutu 5. Kunali njala. Ena anapinyolitsa minda ndi nyumba kuti apeze chakudya, ena anakongola ndalama zolipirira msonkho wa mfumu, ena ana awo analowa ukapolo, ndipo owadyera masuku pamutu anali abale awo omwe. Ife kuno timati katapila. Nehemiya anakwiya kwambiri, naitanitsa msonkhano, nauza akuluakulu kuti abweze minda tsiku lomwelo. Ndiye pomwe ankati tumizani gawo, ankawadziwa makomo omwe utsi sunkafuka.

Chimene chimandiwawa n'choti masiku ano chimwemwe tachisandutsa ngongole yomwe wovutika ayenera kulipira. Munthu wagona ndi njala, mwana wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, afika m'tchalitchi nkhope ili yakugwa, ife n'kumuuza kuti "Mlongo, sangalalani, musampatse mpata Satana." Tikatero tapita kwathu kukadya nsima ya nkhuku. Mlongo uja tsopano wasenza mitolo iwiri: njala yake, ndi maganizo oti mwina chikhulupiriro chake n'choperewera. Yakobo 2:15-16 anazinena mosapsatira: kuuza wausiwa ndi wanjala kuti apite mumtendere, akafunde, akakhute, osamupatsa kanthu, kulibe phindu.

Wina andikumbutsa Habakuku 3:17-18, pomwe mneneri akuti ngakhale mkuyu usaphuke, minda isabereke, makola akhale opanda ng'ombe, iye adzakondwerabe mwa Yehova. Ndikuvomera ndi mtima wonse. Chimwemwe chotere chilipo, ndipo ndinachionapo pa nkhope za anthu amene analibe chilichonse. N'chipatso cha Mzimu, sichigulidwa pamsika. Koma taonani amene akuyankhula. Ndi mwini khola lopanda ng'ombe, akunena za mtima wake. Mawu amenewa amakoma akatuluka pakamwa pa iyeyo. Akatuluka pakamwa pa ine wokhuta, n'kumaloza nawo wanjala, asanduka chikoti.

Ngakhale Paulo, amene analemba ali m'ndende pa Afilipi 4:4 kuti kondwerani mwa Ambuye nthawi zonse, tsikirani pang'ono m'munsi pa Afilipi 4:10. Akuti anakondwera kwambiri mwa Ambuye chifukwa Afilipi anamukumbukiranso. Anamutumizira thandizo kudzera mwa Epafrodito, munthu amene anadwala mpaka kutsala pang'ono kufa pa ntchito imeneyo. Paulo akunenetsa kuti anaphunzira kukhutira ndi zimene ali nazo, pa njala ndi pokhuta pomwe, komabe sakubisa kuti mphatsoyo inamusangalatsa, ndipo akuitcha nsembe ya fungo lokoma kwa Mulungu. Chimwemwe chake chinali mwa Ambuye, koma tsiku limenelo chinafika chitanyamulidwa ndi munthu woyenda ndi miyendo iwiri.

Chaka cha 2024 mvula itadula, boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha chilala. Miyezi ingapo itadutsa ndinapita kumudzi kukaona mayi anga. Pafupi ndi iwo pamakhala mayi wina wamasiye amene akulera adzukulu atatu. Lamulungu lake sanabwere kutchalitchi. Ine pobwerera ndinati tidutse tikapemphere nawo, vesi ndili nalo kale m'mutu. Mayi anga sanandiyankhe. Titafika kunyumba analowa, n'kutapa ufa m'thumba lomwe ndinawabweretsera dzulo lake, beseni lonse, n'kuikapo kapepala ka mchere ndi usipa wodzaza manja awiri, n'kuvundikira ndi chitenje kuti anthu a m'njira asaone.

Anati, "Tiye tsono. Ukafika usakanene zambiri. Ukangoti mwana wabwera, ndiye tati mulaweko zomwe watenga kutauni."

Ndinamva manyazi. Ine ndinaona mpando wopanda munthu m'tchalitchi, mayi anali ataona masiku awiri apitawo kuti pakhomopo sipakufuka utsi.

Titafika, gogo uja analandira beseni ndi manja awiri, n'kuliika pansi, osayankhula kwa kanthawi. Kenako anaitana mdzukulu wamkulu kuti akatole nkhuni. Madzi ali pamoto, iye mwini ndiye anayambitsa nyimbo, ndi mawu otsika, misozi ili m'masaya, mayi anga n'kuvomera. Pemphero tinapemphera ndithu, koma anatsogolera ndi iyeyo, ndipo linali lothokoza kuyambira poyamba mpaka pa ameni. Vesi langa lija sindinaliwerenge. Ndinakaliwerenga ndekha usiku, ndi tochi ya foni, mpaka pa vesi 12, pomwe akuti anthu onse anapita kukadya, kukamwa, kukatumiza magawo ndi kukasangalala kwakukulu, chifukwa anamvetsa mawu amene anauzidwa.