Netiweki ndi yomweyi, bwanji imasowa ku ofesi kokha?

Lachiwiri lapitali ndinalawirira kuchoka ku Chinamwali kupita ku ofesi ina ya boma m'tauni ya Zomba muno, ulendo wachitatu, pofuna chikalata chimodzi chokha chimene akuti masiku ano chimatuluka pa kompyuta. Nditakhala pa benchi mpaka dzuwa kufika paliwombo, bambo wina anasuzumira pawindo nanena kuti, "Netiweki palibe, mubwerenso mawa." Sanapepese n'komwe.

Chandipsetsa mtima n'chakuti ndili pa benchi lomwelo, ndi kafoni kanga kosweka galasi, ndinagula mpunga wa ku Chilwa kwa mayi wina amene amatsatsa malonda ake pa WhatsApp. Ananditumizira chithunzi cha thumba, tinanenerera mtengo, ndinalipira pa Mpamba, ndipo pamene ndinkafika kunyumba n'kuti wakabaza atatula kale katunduyo pakhonde. Nanga netiweki imene inanyamula ndalama zangazo ndi iti, ngati si yomweyo imene anandiuza kuti palibe? Kodi boma lili ndi mlongoti wakewake umene umagona masana? Netiweki ndi imodzi yomweyi, abale anga. Imene imandigulira mayunitsi a magetsi pakati pa usiku ndi yomweyi, imene wogulitsa kaunjika ku Mpondabwino amalandirira ndalama pa foni ndi yomweyi, koma ikangofika pakhomo la ofesi imasanduka mlendo wosaoneka.

Ena adzanena za kuzimazima kwa magetsi ndi makina okalamba, ngati kuti mayi wa mpunga uja amakhala dziko lina. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Mayiyo akapanda kuyankha uthenga wanga ana ake agona ndi njala, pamene bambo wa pawindo uja, kaya andithandize kaya andibweze kakhumi, malipiro ake alowa ndithu kumapeto kwa mwezi. Ine ndiye ndimalipira basi ulendo uliwonse, ndi kusiya ntchito yanga itaima.

Ndipo musandiuze kuti tapita patsogolo, chifukwa mu 2017 tinaima pamizere kujambulitsa nkhope ndi kudinda zala kuti tilandire chiphaso cha unzika, komabe ofesi yomweyo, imene imadzitama kuti zonse zili pa kompyuta, inandituma kaye kutsidya kwa msewu kukachita fotokope ya chiphasocho, kumaso ndi kumbuyo, mapepala awiri, ndi ndalama zanga.