Musanataye Python wakale, dziwani kaye amene akumugwiritsa ntchito

Lachitatu lapitali foni inalira ndili mu minibasi, titangodutsa pa Chichiri kulowera ku Limbe. Anali mayi ena amene amasunga mabuku a ndalama pa kabizinesi kena kogulitsa mbewu ndi feteleza. "Achimwene, chinthu chanu chija chakana. Ndikungoona zolemba zachilendo." Ndinawauza kuti ajambule sikirini anditumizire pa WhatsApp. Chithunzi chinabwera chopendekeka, koma mawu ankawerengeka bwino: 'str' object has no attribute 'removeprefix'.

Ndinangodziwiratu kuti wolakwa ndine.

Ndili ndi ka library kakang'ono (code yomwe ena amatenga n'kuigwiritsa ntchito m'mapulogalamu awo) ka Python, chiyankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, komwe ndinalemba kuti kazikonza manambala a foni. Mukudziwa momwe timalembera manambala kuno: wina ayamba ndi +265, wina 265 wopanda pulasi, wina 0, wina amasiya mipata pakati. Ka library kanga kamawasandutsa onse kuti afanane, kenako kamanena ngati ndi 099 ya Airtel kapena 088 ya TNM. Basi. Anthu ochepa amakagwiritsa ntchito potumiza ma SMS kwa makasitomala awo. Mwezi watha ndinkayeretsa code, ndipo ndinaona pamene ndinalemba mizere iwiri yochotsa +265 kumayambiriro. Ndinati apa pakuoneka pa chimidzi, ndiike removeprefix, lamulo la Python lochotsa zilembo za kumayambiriro, mzere umodzi wooneka bwino. Pa laputopu yanga pali Python 3.12, ndiye zonse zinayenda. Ndinatulutsa version yatsopano n'kukagona.

Chimene ndinaiwala n'chakuti removeprefix inabwera mu Python 3.9, m'chaka cha 2020. Kompyuta ya mayi aja ndi ya Windows 7, ndipo Python womaliza amene amalowa pa Windows 7 ndi 3.8. Ngakhale atafuna bwanji, 3.9 sangalowe pa makina amenewo. Mnyamata amene amawathandiza za kompyuta anangochita pip install --upgrade monga mwa nthawi zonse (pip ndi pulogalamu yotsitsira ma library a Python), n'kukoka mzere wanga wokongola uja, ma SMS okumbutsa anthu ngongole osatuluka tsiku lonse.

Ndikudziwa zomwe anzanga ena anene, ndazimva kale tikumwa tiyi ku Ginnery Corner. Ati Python 3.8 anasiya kusamalidwa mu October 2024, Windows 7 Microsoft inaisiya mu January 2020, ndiye amene akadali pamenepo ndi vuto lake. N'zoona ndithu, ndipo mayi aja ndinawauza mosabisa kuti makina amenewo pa intaneti ali ngati nyumba yopanda chitseko. Anandiyankha kuti, "Achimwene, mtengo wa kompyuta mwauona posachedwapa?" Ndinakhala chete. Kalendala ya Python imati version yatsopano izituluka mu October chaka chilichonse, ndipo iliyonse izisamalidwa zaka 5. Kalendala ya maofesi athu ndi ina: kompyuta imagulidwa yogwiritsidwa kale ntchito, ndipo imasinthidwa tsiku lomwe yakaniratu kuyaka. Ma seva nawonso chimodzimodzi. Ubuntu 20.04, pulogalamu yoyendetsa kompyuta ngati Windows, inabwera ndi Python 3.8, ndipo ndikukayika ngati onse amene anaiika nthawi imeneyo anaikhudzanso.

Musandimve molakwa, sindikunena kuti tizinyamula version iliyonse kumsana mpaka kalekale. Amene tinaona nkhondo ya Python 2 ndi 3 tikudziwa kulemera kwake. Python 3 anatuluka mu December 2008, koma 2.7 anapuma pa 1 January 2020. Zaka zonsezo anthu ankalemba code ya nkhope ziwiri, yoti iziyenda pa 2 ndi pa 3 pomwe, kudalira library yotchedwa six, osakhudza f-string, kalembedwe katsopano komwe kanabwera mu 3.6, poopa kuswa za anthu akale. Zinali zotopetsa. A NumPy, library yotchuka ya masamu, anafika polemba lamulo lawo, NEP 29, loti version ya Python ikadutsa miyezi 42 akhoza kuisiya. Iwo ali ndi chifukwa, library yawo ndi yaikulu, ili ndi C mkati, ndipo version iliyonse yowonjezera ndi ntchito yeniyeni. Koma ine? Ka library ka mafayilo atatu? Chomwe ndinapindula posiya 3.8 ndi mzere umodzi wokha.

Apa ndi pamene pali maganizo anga. Kusiya version yakale si mlandu. Mlandu ndi kuisiya mwangozi, iwe mwini osadziwa kuti waisiya, ndiponso osauza pip. Mu pyproject.toml, fayilo yofotokoza za library yanu, muli malo olemba requires-python, onena Python amene library-yo ikufuna. Ndikanalemba kuti ">=3.9", pip ya pa kompyuta ya mayi aja ikanaona kuti version yatsopanoyo si yawo, n'kuwasiyira yakale yomwe inkagwira bwinobwino. Sakanadziwa n'komwe kuti chilipo chasintha. Ine malo amenewo ndinangowasiya opanda kanthu, zomwe zili ngati kulengeza kuti aliyense abwere, chakudya chikwanira.

Ndiye pali kuyesa. Ambiri timayesa pa makina athu okha, zikayenda timati zatheka. tox ilipo, imayendetsa ma test anu pa ma Python angapo motsatizana. Mukati bandulo ndi yodula kuti mutsitse ma Python asanu, kapena magetsi azima muli pakati, ikani pa GitHub Actions (GitHub ndi tsamba la pa intaneti losungirapo code), mulembe mndandanda wa ma version, makina awo ndiwo avutike. Ngati repo yanu, malo omwe mumasungira code pa GitHub, ndi yoonekera kwa aliyense simulipira kanthu. Ndinakonza zimenezi madzulo omwewo, sizinanditengere ola.

Ndipo mndandandawo usathere pa akale okha. Kutsogolo nakonso kumaluma. Python 3.12 anachotsa distutils, 3.13 anachotsa cgi ndi ma module ena akale, moti library yomwe simunaikhudze zaka zitatu ikhoza kufa yokha pa laputopu yatsopano ya mwana wa ku MUBAS amene wangoika Python dzulo. Iyeyo ndi mayi a ku Limbe aja onse ndi anthu anu, wina ali kutsogolo kwenikweni, wina kumbuyo kwenikweni, ndipo palibe amene adzatsegule issue pa GitHub kuti akuuzeni za vutolo. Wa ku sukuluyo angoisiya library yanu n'kusaka ina. Mayiwo akuimbirani foni muli mu minibasi, kondakitala akukuwa pambali panu.

Removeprefix ndinaichotsa. Ndinabwezera mizere iwiri ija, startswith kenako kudula zilembo zinayi zoyamba, ndipo pamwamba pake ndinalembapo kuti aliyense asasinthe, pali anthu a 3.8. Mu README, fayilo yofotokozera ogwiritsa ntchito, ndalemba kuti 3.8 ndimusunga mpaka kumapeto kwa chaka chamawa, ndipo ndikadzamusiya requires-python idzanena. Mayi aja ndawauza tsikulo kuti ayambiretu kukambirana ndi abwana awo za makina ena. Anaseka, ati akawauza feteleza akayamba kuyenda.