Ife tinkangoti gemu ya pa TV

Mwandikumbutsa kutali ndi nkhani yanuyi. Mwalemba kuti kampani ya Nintendo inatulutsa Famicom, gemu yolumikiza ku TV, ku Japan mu 1983, koma ife ku Ndirande tinadzaiona chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo sinali yeniyeniyo ayi, inali yongofanizira yomwe amalume anabwera nayo kuchokera ku Joni. Kaseti yake yachikasu inalembedwa kuti muli magemu 9999, bodza lenileni! Ukamatsika nawo unkangopeza omwewo, Contra, Super Mario Bros, kenako Mario yemweyo atangomusintha dzina.

Kaseti ikakana tinkaizula n'kuiuzira mpweya, fuu fuu, n'kuibwezeramo. Ana a mulayini monse ankadzaza pakhonde, ena kusuzumira pazenera, ndipo lamulo linali limodzi: ukafa, pereka kwa mnzako. Achimwene anga okha ndiwo sankafa. Ine ankandipatsa chogwirira chachiwiri atachizula chingwe, ndiye ndinkadina ndi mtima wonse, thukuta kamukamu, kumayesa wolumphayo ndine.

Chowawa chinali magetsi. Gemu ija sinkasunga pomwe wafika, akangozima basi, kukayambiranso pa 1-1, pachiyambi penipeni. Amayi m'pomwe ankasangalala, poti ankati chinthucho chitiwonongera TV.