Chenjezo la kuwala kothwanima mu filimu lizifika tisanagule tikiti

Abale a kuno ku Joni, tizilembo tija timalembedwa pafupi ndi zaka zoyenera kuonera filimu ambiri timatidziwa: V ndi chiwawa, L kutukwana. Koma bungwe la Film and Publication Board, loika tizilembo timeneti pa mafilimu ku South Africa, lilinso ndi PPS, kusonyeza kuti m'filimumo muli kuwala kothwanima kapena mizeremizere imene ingagwetse munthu khunyu. Kwa ine tizilembo titatuti n'tosakwanira. Chenjezo lizilembedwa m'mawu omveka pamene tikugulira tikiti, kaya ku Ster-Kinekor kapena Nu Metro, ndipo lizinena mphindi imene kuthwanimako kukuyambira. Kuchenjeza munthu atakhala kale pampando magetsi atazima n'kungodzichotsa mlandu basi.

Mwa anthu 100 odwala khunyu, pafupifupi atatu amagwa chifukwa cha kuwala. N'ochepa, inde, koma vutoli limakonda kuyamba pakati pa zaka 7 ndi 19, ndipo mwana wina amadziwika kuti ali nalo tsiku lomwe wagwa koyamba. Pa 16 December 1997 ku Japan, katuni ya Pokémon inaonetsa kufiira ndi buluu zikusinthana ka 12 pa sekondi kwa masekondi ochepa chabe, ana 685 anathamangira nawo kuchipatala. Kowopsa kwambiri ndi kuthwanima ka 16 mpaka ka 25 pa sekondi, makamaka kukakhala kofiira kwambiri kapena kukadzaza gawo loposa kota ya sikirini. N'chifukwa chake ku UK mapulogalamu a pa TV amayesedwa ndi Harding test yoyeza kuthwanima koopsa, ndipo malire ake ndi kuthwanima katatu pa sekondi.

Komatu kwa ife ngozi yaikulu siili m'masinema a ku Sandton kapena ku Rosebank ayi. Ili m'mavidiyo a ukwati ndi a kwaya omwe timakonza tokha pafoni, ndi m'maholo a ku Rosettenville ndi Yeoville momwe DJ amayatsa strobe, nyale zothwanimathwanima zija, ana ali kutsogolo kwenikweni. Kumeneko kulibe PPS. Inu okonza mavidiyo, werengani mafuremu: pa vidiyo ya mafuremu 25 pa sekondi, mukasinthanitsa kuyera ndi kuda furemu iliyonse mwathwanimitsa koposa ka 12 pa sekondi. Siyani mafuremu osachepera 9 pakati pa kuthwanima kwina ndi kunzake, chotsani kufiira, ndipo chenjezo muliike m'mawu operekeza vidiyoyo, poti pa Facebook imayamba kusewera yokha munthu asanadine.

Kuthwanima kukakudzidzimutsani, musangotsinzina. Kuwala kumadutsa m'zikope, ndipo nthawi yotsinzinayo ndi imene ena amagwera. Phimbani diso limodzi ndi chikhatho kotheratu, kenako mutembenuke. TV muzionera mutatalikira mamita awiri, nyale ya m'chipinda ili yoyaka. Magetsi akathima, foni mumdima ili pamphuno ndiye zoipiratu, makamaka kwa munthu wosagona mokwanira kapena amene wadumphitsa mankhwala. Pa iPhone, kuyambira iOS 16.4, pali Dim Flashing Lights yochepetsa kuwala kothwanima, ngakhale sigwira pa vidiyo iliyonse.

Wina akagwa, yang'anani nthawi, chotsani mipando ndi mabotolo pafupi, muikireni chofewa kumutu, mutchinge kuwalako. Musamupanikize, musamuike supuni m'kamwa: lilime silimezedwa, mungomuthyola mano. Thovu lake silipatsirana khunyu, choncho palibe chothawira. Kugwedezeka kukatha mugonekeni chammbali, ndipo madzi musamupatse mpaka atatsitsimuka bwinobwino. Zikapitirira mphindi 5, kapena akagwanso asanatsitsimuke, kapena ngati n'koyamba, imbani 112 pafoni ya m'manja kapena 10177 ya ambulansi.