Jenereta yogwedeza nyumba yonse

Ndatopa nawo anthu amene amagula jenereta ya ndalama zambiri, kenako n'kuimangirira pasimenti ndi mabawuti okhaokha, popanda mphira ngakhale imodzi pansi pake. Injini yozungulira maulendo 1,500 pa mphindi, kapena 3,000 ikakhala yaing'ono, akuganiza kuti kunjenjemera kwake kumathera kuti? Kumalowa m'simentimo, n'kukwera khoma, mpaka magalasi a mazenera amayamba kunthunthumira ngati munthu wodwala malungo.

Wina mphira amaika ndithu, koma amamanga mabawuti mwankhanza mpaka mphirayo kuphwanyika, moti chitsulo chimagundana ndi chitsulo chinzake, iye n'kumati ntchito yatheka. Wina amawotcherera paipi ya utsi kukhoma popanda kachigawo kopindika kolola injini kugwedezeka payokha, ndipo posakhalitsa paipiyo imang'aluka polumikizira, utsi wakupha uja n'kumadzaza m'chipinda. Paipi ya mafuta nayonso ndi yachitsulo yosapindika, dizilo akungodontha. Mawaya akukhulana ndi chitsulo mpaka kusupuka. Kodi akudikira kuti moto ubuke kaye?

Ukawafunsa, amayankha mosatekeseka kuti jenereta iliyonse imatero. Zoona? Nanga opanga ake analemberanji m'buku la malangizo kuti maziko akhale olemera ndi osapendekeka, komanso kuti mphira zisankhidwe molingana ndi kulemera kwa makinawo? Anangofuna kutha mapepala?

Eni jeneretawo bukulo sanalitaye ayi. Analipinda bwinobwino n'kulilowetsa pansi pa mwendo umodzi wa jenereta kuti isapendekeke.