Masankho a m'mabungwe athu amawonongekera m'kaundula

Anzanga a m'mabungwe a aphunzitsi, anamwino, mainjiniya ndi owerengera ndalama kuno ku Chipata, msonkhano waukulu wa pachaka ukayandikira tonse timakangana za amene ayenera kukhala wakumpando. Ine ndikuti tiziyamba tafunsa kuti kaundula wa ovota akusunga ndani, ndipo atsekedwa liti. Masankho ambiri amene amathera m'maphokoso amakhala atawonongekera pamenepo, bokosi la mavoti lisanalowe n'komwe m'holo.

Malamulo a mabungwe ambiri amati wovota ndi membala amene walipira ndalama za umembala. Palibe cholakwika. Koma tsiku lomaliza kulipira likapanda kulembedwa, mudzaona msungichuma atakhala pakhomo ndi buku la malisiti m'mawa wa masankho, munthu mmodzi n'kupisa m'thumba kulipirira anthu 30 amene sanapondepo pamsonkhano zaka zitatu. Mavoti 30 wagula, lisiti walandira, ndipo lamulo sanaphwanye. Tsekani kaundula kutatsala masiku 30. Mumate pakhomo la ofesi, mumutumizenso m'magulu a WhatsApp a nthambi zonse, kuyambira ku Nyimba mpaka ku Lundazi. Kenako pakhale masiku 7 odandaula: amene dzina lake lasowa abwere ndi lisiti, uthenga wa mobile money, kapena pepala la malipiro ngati ndalamayo amamudula kuntchito. Ambiri osowa m'kaundula sachita kuchotsedwa dala ayi. Munthu amasamutsidwa kuchoka ku Petauke kupita ku Chadiza, nthambi yakale yamufufuta, yatsopano sinamulembe. Masiku 7 akatha, nthumwi ya aliyense wopikisana isayine tsamba lililonse, ndipo pasawonjezedwenso dzina ngakhale la bwana.

Tsono vuto limakula pamene kalembera wosunga kaundulayo akupikisana nawonso. Pamenepo khoswe wakhala pamkhate. Ngakhale munthuyo akhale woona mtima chotani, wogonja sadzakhulupirira. Masankho aziyendetsedwa ndi komiti ya anthu atatu kapena asanu, yosankhidwa ndi mamembala pamsonkhano wapitawo, osati yolozedwa chala ndi akuluakulu amene ali pamipando. Mwa iwo musakhale wopikisana, mkazi wake kapena mlamu wake. Akakana munthu kuti asaime, alembe chifukwa ndi nambala ya ndime ya malamulo, ndipo ampatse mpata wochita apilo mapepala ovotera asanasindikizidwe.

Zovota pokweza manja zija tizisiye. Mphunzitsi amene wangoyamba ntchito sangakweze dzanja kutsutsa ahedi ake atakhala mpando wakumbuyo kwake, podziwa kuti fomu yake ya tchuthi idzadutsa pa tebulo lawo.

Kuwerenga n'kosavuta ngati mutsata masamu. Tiyerekeze mwasindikiza mapepala 300. Awerengedwe poyera kuvota kusanayambe, ndipo bokosi lionetsedwe kwa onse lili lopanda kanthu lisanamatidwe. Aliyense wolandira pepala asayine pa dzina lake m'kaundula. Ngati asayina ndi 212, ndipo mapepala atatu anawonongeka n'kusinthidwa, otsala patebulo akhale 85, m'bokosi mupezeke 212. Mukapeza 219 musayambe kugawa mavoti kwa opikisana, yambani mwafufuza asanu ndi awiriwo. Komiti zambiri zimathamangira kuona wopambana n'kudumpha sitepe imeneyi chifukwa anthu atopa ndipo nkhomaliro yazizira. Mugwirizanenso kusanache za voti yowonongeka: wochonga m'malo molemba mtanda, koma zikuoneka bwino amene wamufuna, voti yake iwerengedwe kapena ayi? Mukadikira kuti kusiyana kukhale mavoti awiri ndiye muzikambirana, aliyense adzakokera kwake.

Sitikupanga zachilendo. Pamasankho a dziko, a Electoral Commission of Zambia amawerengera mavoti pamalo pomwe anthu avotera, nthumwi za zipani zikuona, ndipo zotsatira zimamatidwa pomwepo. Bungwe la anthu ophunzira lingalephere bwanji zimenezi? Bokosi lisatuluke m'holo kupita "kuchipinda chabata". Chipinda chabatacho ndiye chimabala miseche ya chaka chonse.

Palinso nkhani imene imatipweteka ife a Kum'mawa. Msonkhano ukakhala ku Lusaka, ndi makilomita oposa 500 pa Great East Road. Ukakhala ku Livingstone, aposa 1,000, kuwonjezapo malo ogona ndi masiku osapita kuntchito. Ngati voti ili m'holo mokha, ovota ndi amene ali ndi ndalama, kapena amene wopikisana wawalipirira basi, ndipo wokwera basi ya munthu amadziwa kovotera. Nthambi iliyonse izivota kwawo tsiku limodzi, iwerenge pomwepo, isayine fomu, ijambule n'kutumiza chithunzi kwa onse nthawi imodzi.

Ena akuti kuvota pa intaneti kuthetsa zonse. Mtunda kumachepetsadi, koma kaundula wabodza amakhala wabodzabe ngakhale mu kompyuta. Linki imodzi yoponyedwa pagulu la WhatsApp imafika ndi kwa osakhala mamembala, ndipo wina atha kuvota kanayi pa mafoni anayi. Membala aliyense alandire nambala yakeyake yogwira kamodzi, yotumizidwa pa foni imene ili m'kaundula wosayinidwa uja. Woyendetsa makinawo asakhale wantchito wa mu ofesi amene bwana wake akupikisana. Kuvota kutseguke maola 48, chifukwa namwino wa pachipatala cha kumudzi ku Vubwi amapeza netiweki pokhapokha akakwera pachulu, ndipo magetsi akazima foni imatha moto. Potseka, makina atulutse mndandanda wa amene avota, popanda kuonetsa amene am'votera, kuti chiwerengero chifananizidwe ndi mavoti.

Mapepala onse, kaundula ndi mafomu zimatidwe mu envulopu yosayinidwa ndi nthumwi, zisungidwe masiku 30 kwa wapampando wa komiti ya masankho, osati mu kabati ya amene angopambana kumene.