Andisecha pa geti chifukwa cha buku lomwe amati akataye

Abale anga a ku Luwinga, makamaka inu tinkalira limodzi pa Mzuni ndi cataloguing, phunziro lija la kalembedwe ka mndandanda wa mabuku, ndimati ndingogona koma mtima wakana. Lero andisecha. Ine ndithu, mayi wamwana, ka ID kali lende pakhosi kolembedwa dzina langa, andiimika pa geti la laibulale yomweyo ndikupangako attachment kuno ku Scotland, anthu ali pamzere maso onse pa ine, mlonda akuti tsegulani chikwama.

Sabata ino anandipatsa weeding, ntchito yochotsa mabuku pa mashelefu, ija tinkangoiloweza kuti tikhoze mayeso chifukwa kwathu buku silichoka pa shelefu pokhapokha litayoyoka lokha. Kuno kompyuta imalavula mndandanda wa mabuku amene atha zaka osabwerekedwa, iweyo kumangoyenda ndi ka trolley kumazula, kudinda chidindo choti lachotsedwa, ena amawaika pa tebulo la pakhomo kuti anthu azigula 50p, otsalawo amalongedzedwa m'makatoni kuti akagayidwe. Mabuku abwinobwino abale, ena ukatsegula fungo la kusitolo likadalimo. Ndiye ndinaona lina la anatomy, chibuku chonenepa cha zithunzi zamitundu, ndinakumbuka mng'ono wanga wa za unesi uja amene amajambula masamba a buku la mnzake pa foni nkumawerenga usiku mpaka maso kufiira. Ndinapita kwa abwana, kupempha ndi ulemu wonse wa kwathu, iwo amvekere tenga palibe vuto ndalichotsa kale mu system. Koma ka tag kaja kamakhala mkati mwa chikuto sanakathimitse, basi iwo ulendo kukatenga ana awo kusukulu. Ine 5 koloko ndikutuluka, geti pyee pyee pyee.

Mlondayo timaonana m'mawa uliwonse, timapatsana moni, tsiku lina ndinachita kumuprintira fomu ya mayi ake. Koma lero anayamba kutulutsa zinthu zanga chimodzichimodzi nkumayala pa desiki ngati kaunjika wa pa Zigwagwa, kontena ya nsima ya dzulo yomwe sindinamalize, yunifomu ya ku care home, masokosi, chitenje changa chofunda m'basi, kenako bukulo. Chidindo chofiira chili pa tsamba loyamba, ndamulozera, iye akuti ayi ndondomeko ndi ndondomeko tiwaimbire kaye abwana. Foni kuitana osayankhidwa. Ine njo pamenepo, agogo ena omwe ndinali nditangowathandiza kulowa mu imelo yawo akudutsa akupanikiza handibagi kukhwapa. Atayankha abwana aja ndinangomva akuseka pafonipo, mlonda sorry imodzi yokha, eti nkhani yatha.

Za masiku onse sindichita kukufotokozerani, mwatopa nazo. Kudzuka anthu ali mtulo, basi ziwiri kuchoka mu Glasgow kupita ku ka tauni kameneka, attachment yosalandira olo penny, thiransipoti yanga, chakudya changa, kuweruka apo liwiro ku care home kukasintha azigogo matewera, nanga si visa ya mwana wasukulu imangolola maola 20 pa sabata ndipo maola 20 omwewo ndi amene akulipira lendi ya ka chipinda koti ukatsegula sutikesi chitseko sichitseguka. Ndiye nyengo ino akuti ndi spring. Aliyense mu ofesi chimwemwe, eti maluwa achikasu atuluka, wina mpaka wabwera atavala kabudula. Dzuwa lake longowala, kutentha ayi, ukangoti uliothere mphepo yakupeza kale m'mafupa, pakangopita mphindi khumi mvula. Ndipo ine amene ndinkadzitama pa depoti potsanzikana kuti ndine wa ku Mzuzu, June ndi July wa kwathu anandikhwimitsa, kuzizira sindikuopa, kkkkk, pano ndikugona ndi chipewa ndi masokosi awiri mwendo umodzi. Kumapeto kwa March anasunthanso wotchi ndi ola limodzi, 8 koloko madzulo kunja kuli mbee, mimba siikudziwa kuti idye liti. Inu kumeneko mukudya maungu ndi mtedza wauwisi, musamaposte chonde.

Tsiku loyamba lenilenilo anandipatsa kamtsikana kochepera mng'ono wanga kuti kandiphunzitse kuika mabuku pa shelefu, nkumandiuza pang'onopang'ono, mokweza mawu, kuti pa manambala a mabuku 823.81 imayamba kenako 823.9, ndamva? Ine wa digiri ya zaka zinayi ya Library and Information Science, ine amene ndinayendetsa ndekha laibulale ya sekondale, kuika Koha, pulogalamu yoyendetsera laibulale, ndekha pa chikompyuta chakale choti magetsi akangophethira uyambirenso. Kenako pa tiyi kakufunsa, mwachikondi ndithu, kuti kodi kwanu malaibulale aliko? Pakamwa panga panadzaza. Ndimafuna ndikauze kuti National Library Service ilipo kuyambira 1968, kuti ku nthambi ya ku Mzuzu ana a Form 4 amafika chitseko chisanatsegulidwe kulimbirana mipando, pomwe kuno mipando ya wofuwofu imangokhala ikudikira munthu. Ndimafuna ndikauze kuti Robert Laws, wa kwawo konkuno ku Aberdeen, anakakhazika mishoni pa Khondowe mu 1894 ndipo azigogo athu akhala akuwerenga kuchokera nthawi imeneyo, kuti Blantyre yawo yomwe anabadwira Livingstone mu 1813 ili chapafupi pompa, kuti boma lawo ndi lathu anasainirana ubale mu 2005. Koma ndinangomwetulira, eya aliko. Nanga fomu yanga ya malikisi asayine ndani.

Kaulemu kameneka ndi kamene kakundipha. Ndi komweko kanandiimitsa pa geti paja manja kumbuyo munthu akununkhiza kontena yanga.

Ndipo Dewey, mwini manambala osanjira mabuku pa shelefu, amene tinkamuloweza mpaka kumulota, ndabwera kudzamuonetsetsa kuno. Munthu anakonza manambala ake mu 1876, mabuku a nthano ndi ndakatulo a Angerezi anawapatsa 820 yonse, Ajeremani 830, Afalansa 840, ife Africa ndi zilankhulo zathu zambirimbiri tinadzapanikizidwa pambuyo pake pa 896. Tsiku lina nthawi yopuma ndinapita pa 968.97 kukaona kwathu, ndinapezapo kabuku kamodzi kokha ka nthawi ya Nyasaland, ndipo mukudziwa? Nako kali pa mndandanda wanga wa weeding. Dzanja langa lomwe likachotse Malawi pa shelefu, mxii. Kameneko ndakasiya pomwepo, aone okha chochita.

Ntchito yeniyeni ya pa desiki mabuku ndi pang'ono. Wina akufuna mabatire a timakina ta m'makutu, timagawa ife. Ma pad aulere, ali mu basiketi pakhomo, lamulo lawo kuno ku Scotland likutero ndipo apa pokha ndawagwadira, ndikaganiza atsikana a kusukulu ndinkagwira ija amene ankajomba sabata yathunthu. Timapepala totolera manyi a galu, timagawanso ife, digiri yonse ija. Wina wabwera kudzangokhala pafupi ndi hita chifukwa kunyumba magetsi adula, wina fomu ya chithandizo cha boma yamukanika akulira pa kompyuta, iwe ukhale nesi, ukhale loya, ukhale mlangizi wa mpingo. Chizungu chawonso abale, ndinalipira ndalama zankhaninkhani kulemba mayeso a Chingerezi a IELTS nkukhoza bwinobwino, koma mdala wa kuno akayankhula ndimangogwira mawu oyamba ndi omaliza, apakatiwo ndimangovomera. Ndikayankha ine, iye akuti pepani, muli wina woyankhula Chingerezi? Lachitatu m'mawa kuli Bookbug, kukhala pa kapeti kuimbira makanda nyimbo, ine mayi wamkulu kumawomba m'manja ndi chidole, azimayi awo ali pa foni. Kuti andilole kukhala pa kapeti pamenepo anandifufuza kaye mbiri yanga yonse, PVG akuti, ndinadikira mpaka ndinatuluka woyera. Anthu oti anandifufuza chonchi, nkundipatsa ana awo, lero akundiganizira buku la mu bini.

Ku staff room aliyense ndi kapu yake, mkaka mu fuliji wolembedwa dzina, munthu amadya masikono paketi yonse uli pompo osati nkomwe tiyeni. Nditatenthetsa usipa mu microwave mawa lake ndinapeza chikalata pakhoma, chosatchula dzina, chokamba za kulemekezana pa nkhani ya fungo, pansi pake ajambulapo ka nkhope komwetulira. Usipa woti unayenda kuchokera ku Nkhata Bay mu sutikesi ya munthu. Iwo tchizi chawo chonunkha mapazi palibe amachilembera kalata.

Ndiyeno Lachisanu lililonse kusukulu akufuna reflective journal, ulembe zomwe waphunzira sabata ino ndi mmene wakulira pa ntchito. Sabata ino ndilemba chani? Ndaphunzira kuti chidindo chofiira sichikwanira ngati wanyamula bukulo ndi iwe? Ayi, ndilemba kuti ndazama pa collection management ndipo timu yandilandira bwino, nanga ndine chitsiru cha malikisi.

Nanunso a kumudzi musaseke, muli momwemo. Chithunzi chimodzi chomwe ndinajambulitsa pa maluwa paja, jekete yake yobwereka, mawa lake mauthenga mbwee. Amalume akufuna feteleza wa chaka chamawa, pano ndi April. Msuweni akufuna iPhone, akuti olo yogwiritsidwa kale ntchito bola ikhale ya makamera atatu. Wina amene sitinayankhulane chimalizireni sekondale wayamba ndi moni wa mwa Ambuye, ndikudziwa kumene akulowera. Aliyense ali ndi calculator, chichokereni November 2023 pomwe kwacha inagwa ndi 44% mumangoti paundi imodzi ndi ndalama zingati, koma palibe amafunsa kuti lendi ndi mapaundi angati. Palibe amadziwa kuti ndisanaponde nkomwe dziko lino ndinalipira £776 ya chaka ya zachipatala, kuonjezera visa, kuonjezera kukajambulitsa chifuwa kuti aone ngati ndilibe TB. Ine ndemwe ndimakunamizani ndi zithunzi, inu nkumandinamiza kuti mukundipempherera, tonse ndife amodzi.

Koma chomwe chandiliza m'basi pobwerera si mlonda uja ayi. Inu amene tinali limodzi pa 18 December 2015 mukukumbuka mmene tinaimira kuyang'ana laibulale ya Mzuni itasanduka phulusa, mabuku pafupifupi 45,000 kupita usiku umodzi, malata atapindika, utsi ukufukabe, ena a ife tikulira poyera osachita manyazi. Mukukumbuka mmene tinamalizira sukulu, buku limodzi kalasi yonse, kulembetsa mayina kuti ligone kwa ndani lero, kufotokopa mpaka zilembo kufufutika. Munthu wodutsa mmenemo ndiye mukumupatsa trolley kuti sankha oti akagayidwe. Ndikudziwa zifukwa zake, ndinazilemba pa mayeso, shelefu imafuna malo, buku la zachipatala likakalamba limasocheretsa, ndipo kutumiza makatoni kwathu ndi ndalama zoposa mabukuwo. Mutu ukuvomera koma dzanja limanjenjemera podinda. Ndiye limodzi lokha ndati lipulumuke, ilo landichititsa manyazi pamaso pa tauni yonse.

Achimwene, ndikudziwa muwerenga izi. Amayi musawauze. Anagulitsa puloti yawo ija kuti ine ndikwere ndege, amadzuka usiku kukazinga mandasi ku Chibavi uko akulera mwana wanga, ndipo ku Mvano amanena monyadira kuti mwana wanga akuphunzira za mabuku ku Ulaya. Asamve kuti mwana wawoyo anamuyalira masokosi pa desiki. Bambo athu anamwalira osatengapo olo singano ya munthu, ndipo dzina lili pa ka ID kaja ndi lawo, nchifukwa chake zandiwawa chonchi.

Anzanga kuno akuti ukamaliza utenge visa ina ugwireko ntchito, usapupulume, kwanu kuli chani. Kwathu kuli mwana wanga amene wayamba kuwerenga yekha ine kulibe, dzulo pa video call amandiwerengera chikwangwani cha pa golosale, agogo ake ndi amene anamva koyamba, ine ndinamva kachiwiri netiweki ikudukaduka. Sindinabwere kuno kuti ndidzakalambire mu care home. Dissertation ndikupereka August ndipo ndikangopereka ndikubwera, kaya malipiro ake ndi ochepa bwanji, kaya laibulale yake ndi ya mashelefu anayi ndi denga lodontha. Anzanga a ku Luwinga, mukaona vacancy ya librarian mu nyuzipepala, kaya ndi ku Karonga kaya ku Chitipa kaya ku Nsanje, jambulani munditumizire, osayamba mwaganiza kuti aa ameneyu ndi wa kunja sangafune. Achimwene, ya fizi nditumiza Lachisanu akatilipira ku care home, mukawauze aphunzitsi asamubweze mwanayo.